TETEZANI MWANA WANU KWA ANTHU OGWIRIRA ANA
Phunziro la amayi a ku sikelo pa Likoma ndi Chizumulu

Mau Oyamba

Amayi, mwezi ndi mwezi mumabwera ndi ana anu ku sikelo. Mumadziwa kuwerenga mzere wa pa kadi, mumasunga masiku a katemera, ndiponso mumadziwa kusungunula Thanzi mwana akatsegula m'mimba. Zonsezi ndi zabwino, ndipo zapulumutsa ana ambiri. Koma lilipo vuto lina limene sikelo siingalione, ndipo katemera wake kulibe. Vutoli ndi la anthu akuluakulu amene amagwirira ana aang'ono kapena kuwagwiragwira malo obisika.

Nkhani imeneyi ndi yolemera pakamwa. Mwambo wathu sutilola kutchula zotere pagulu. Koma manyazi athu ndiwo amene anthu ochita zoipawa amabisalamo. Chifukwa chake m'phunziro lino tilankhula momveka, ngakhale mwaulemu. Muphunzira zinthu zisanu: chimene madokotala amadziwa za anthu otere, zizindikiro zimene mungaone pa mwana, chochita tsoka likagwa, ntchito ya achipatala, ndiponso chimene lamulo la dziko lathu limanena.

1. Kodi vutoli ndi lalikulu bwanji?

M'chaka cha 2013 Boma la Malawi linachita kafukufuku m'dziko lonse pofuna kudziwa za nkhanza zochitikira ana. Mwa achinyamata a zaka 18 mpaka 24 amene anafunsidwa, mtsikana mmodzi mwa asanu alionse ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse ananena kuti anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Onani bwino: anyamata naonso alimo. Tisaganize kuti mwana wamwamuna ali pabwino.

Chinthu chachiwiri chofunika kudziwa ndi ichi: kawirikawiri wochita zoipayo sakhala mlendo. Amakhala munthu amene mwana amamdziwa ndi kumkhulupirira, monga wachibale, mnansi, bambo womupeza, mnzake wa bambo, kapena wina aliyense amene tinazolowera kumsiyira ana.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti boma la Likoma, kuphatikiza Chizumulu, linali ndi anthu 14,527. Pa chilumba chotere tonse timadziwana, ndipo ambiri ndife pachibale kapena pachipongozi. Kudziwana kumeneku ndi chuma, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Komanso kudziwana komweku ndiko kumamanga pakamwa mayi pamene wolakwa ali mlamu, msuweni kapena mwini bwato amene amadyetsa banja. Tiyenera kuzindikira msampha umenewu.

2. Kodi madokotala amati chiyani za munthu wotere?

Munthu wamkulu chilakolako chake chimakhala pa wamkulu mnzake. Koma alipo anthu ena owerengeka amene chilakolako chao chimalunjika pa ana amene sanathe msinkhu. Madokotala a za maganizo amatcha vuto limeneli pedophilic disorder. Dzinali likupezeka m'buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5, limene linatuluka mu 2013, ndiponso m'kaundula wa matenda wa bungwe la WHO wotchedwa ICD-11, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022.

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula kumene kungaonetse vutoli. Dokotala amalipeza pocheza ndi munthuyo mofatsa, pofufuza mbiri yake, ndiponso poona zolembedwa zina ngati zilipo. Malinga ndi buku la DSM-5, dokotala amayang'ana zinthu zitatu izi:

(a) Kuti maganizo kapena chilakolako chotere pa ana chakhala chikubwerabwera mwamphamvu kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira.

(b) Kuti munthuyo wachitapo kanthu potsata chilakolakocho, kapena kuti chikumsautsa kwambiri mumtima ndi kusokoneza kukhala kwake ndi anthu.

(c) Kuti munthuyo ali ndi zaka zosachepera 16, ndipo ndi wamkulu kwa mwanayo ndi zaka zisanu kapena kupitirira.

Dokotala amafufuzanso ngati palibe china chimene chikusokoneza munthuyo, monga kuvulala kwa ubongo, uchidakwa, chamba kapena matenda ena a maganizo. Ambiri mwa anthu opezeka ndi vutoli ndi amuna, ngakhale akazi ena naonso amachitira ana nkhanza.

Pano pali mfundo zitatu zimene mayi aliyense ayenera kuzisunga.

Yoyamba: si onse ogwirira ana amene ali ndi vuto limeneli. Ambiri amachita zoipazo chifukwa chakuti apeza mpata, aledzera, anamizidwa ndi sing'anga, kapena aona kuti mwana ndi wosavuta kumuopseza.

Yachiwiri: si onse amene ali ndi maganizo otere amene anakhudzapo mwana. Ena amadana nao maganizowo ndipo amafuna chithandizo.

Yachitatu: vutoli si misala. Munthu wotere amadziwa chabwino ndi choipa. Amagwira ntchito, amapemphera, amakwatira, ndipo pa nkhope simungamzindikire. Motero dzina la matenda silichotsa mlandu. Wokhudza mwana walakwa, ndipo ayenera kuyankha ku khothi.

3. Zikhulupiriro zonama

Ena amati kugona ndi mwana kumachiza Edzi. Ili ndi bodza. Kachirombo ka HIV sikachoka m'thupi mwa njira imeneyi. Chimene chimachitika ndi kupatsira mwana wosalakwa. Chothandiza munthu wa kachiromboka ndi kumwa ma ARV mokhulupirika.

Ena amati ndi chizimba cha chuma, kapena cha kuti ukonde udzaze usipa. Ilinso ndi bodza. Wonena mau otere ndi wowatsata onse awiri ndi opalamula.

Ena amati mwanayo ndiye anaziyamba chifukwa cha kavalidwe kapena kusereula. Mwana sangavomere zinthu zimene sakuzimvetsa. Ngakhale atalandira bisiketi kapena ndalama, mlandu wonse uli pa wamkulu.

Ena amati mwana wamng'ono adzaiwala. Mwina sangathe kufotokoza, koma mantha amakhala mumtima, ndipo amaonekera m'tulo, m'kadyedwe ndi m'maphunziro.

Ena amati ana amanama. Si kawirikawiri kuti mwana wamng'ono apeke nkhani yotere, pakuti sadziwa n'komwe zinthu zimenezi. Chimene chimachitika kwambiri ndi chakuti ana amabisa, kapena amabweza mau ao akaona kuti akulu akwiya.

4. Mmene wogwirira ana amayambira

Kawirikawiri munthu wotere sayamba ndi nkhanza. Amayamba ndi ubwino, monga msodzi amene amayamba waika nyambo. Chenjerani mukaona zinthu izi:

(a) Wamkulu amene amakonda mwana mmodzi mopitirira, namampatsa maswiti, mandasi, ndalama kapena nsomba mobisa.

(b) Amene amafunafuna mpata wokhala ndi mwana awiriwiri, monga kumtuma m'nyumba, kumtengera kuseri kwa miyala kapena kwa mlambe, kumkweza m'bwato, kapena kudzipereka kukamsambitsa ku nyanja.

(c) Amene amakonda kufungata, kugirigisha kapena kupsompsona mwana ngakhale mwanayo akukana.

(d) Amene amaonetsa ana zithunzi kapena kanema wolaula pa foni, kapena kujambula ana ali maliseche.

(e) Amene amauza mwana kuti, "Ichi ndi chinsinsi chathu, usawauze amayi ako."

(f) Amene amatchula mwana wamng'ono kuti "mkazi wanga" ndi kupitiriza nthabwalazo ndi manja. Chisuweni ndi chidzukulu zili ndi nthabwala zake, koma nthabwala zimathera pakamwa.

Chizindikiro chimodzi chokha sichitanthauza kuti munthu ndi wolakwa. Anthu ambiri okonda ana ndi abwino, ndipo sitifuna kuti muzinamizira anzanu. Koma mtima wanu ukakayika, simusowa umboni kuti muchotse mwana wanu pafupi ndi munthuyo. Mchotseni mwakachetechete, ndipo yang'anirani.

5. Zizindikiro zimene mungaone pa mwana

Inu ndinu amene mumasambitsa mwana, mumamveka ndi kumgoneka. Palibe dokotala amene amamdziwa kuposa inu.

Zizindikiro za pa thupi ndi izi: magazi, mabala, kutupa kapena zilonda ku malo obisika, kutsogolo kapena kumbuyo, zotuluka zonunkha kapena mafinya, kulira pokodza kapena pochita chimbudzi, kuvutika poyenda kapena pokhala pansi, zovala zamkati zong'ambika kapena zothimbirira magazi.

Zizindikiro za m'makhalidwe ndi izi: kuopa munthu wina kapena malo ena mwadzidzidzi, kuyambanso kukodza pogona atasiya kale, kulota zoopsa ndi kudzidzimuka usiku, kukana chakudya, kukakamira mayi nthawi zonse, kukana kuvula kapena kusamba, kukhala chete mwana amene anali wosangalala, kulankhula kapena kuchita m'masewera zinthu za akulu zimene mwana wa msinkhu wake sangazidziwe, kupezeka ndi ndalama kapena mphatso zosadziwika kochokera.

Zina mwa zizindikirozi zimabweranso ndi matenda ena. Mwachitsanzo likodzo, limene limapezeka m'madera a kunyanja, limakodzetsa magazi, ndipo njoka zam'mimba zimayabwitsa kumbuyo. Chifukwa chake musagamule nokha. Pitani naye ku chipatala kuti akamuone. Dziwaninso kuti ana ambiri ochitidwa zoipa sakhala ndi bala lililonse looneka. Kusowa kwa bala sikutanthauza kuti palibe chimene chachitika.

6. Chochita mwana akakuuzani, kapena mukakayika

1. Ugwireni mtima. Musakuwe, musamkalipire, musammenye. Mwana akaona mkwiyo amaganiza kuti walakwa ndi iye, ndipo amatseka pakamwa.

2. Mkhulupirireni. Muuzeni kuti, "Wachita bwino kundiuza. Sunalakwe iwe. Ndikuteteza."

3. Musampanikize ndi mafunso, ndipo musamuikire mau m'kamwa. Osafunsa kuti, "Kodi ndi auje?" Ingonenani kuti, "Tandiuza chimene chinachitika." Sungani m'mutu mau ake enieni. Musalole kuti abale onse azimfunsa mmodzimmodzi.

4. Mchotseni pafupi ndi munthu amene mukumganizirayo, ngakhale akhale wa m'nyumba momwemo.

5. Ngati zachitika kumene, musamsambitse, ndipo musamthire mankhwala achikuda kapena kumthowa ndi madzi otentha. Musachape zovala zake. Zikulungeni m'pepala kapena m'nsalu yoyera youma, osati m'jumbo, pakuti m'jumbo zimachita nkhungu ndipo umboni umaonongeka. Koma ngati mwamsambitsa kale, musataye mtima. Pitani naye basi.

6. Pitani ku chipatala tsiku lomwelo, usana kapena usiku. A pa Likoma pitani ku chipatala cha St Peter's. A ku Chizumulu yambirani ku chipatala chaching'ono cha komweko, ndipo akakutumizani ku Likoma musazengereze. Musadikire Ilala kuti mukaonetse mwana ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu. Musadikire bambo abwere ku nyanja, kapena amalume afike kuti mukambirane. Makamaka m'miyezi ya mwera, pamene nyanja imavuta, tsiku limodzi lotayika likhoza kusanduka masiku atatu.

7. Kanenezeni ku polisi, ku nthambi ya Victim Support Unit, kapena ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Mukhozanso kuimba nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Koma chipatala chikhale choyamba. Musachedwetse mankhwala chifukwa chofunafuna kalata ya apolisi.

7. Chifukwa chiyani maola 72 ndi ofunika?

Alipo mankhwala otchedwa PEP amene amateteza munthu kuti asatenge kachirombo ka HIV atachitidwa chipongwe. Mankhwalawa ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiko kuti masiku atatu, ndipo kufulumira ndiko kwabwino koposa. Amamwedwa tsiku lililonse kwa masiku 28 osadumphitsa. Mwana akamasanza kapena kukana, musasiye nokha. Bwererani ku chipatala akakulangizeni.

Achipatala amaperekanso mankhwala oteteza kapena kuchiza matenda ena opatsirana monga chindoko ndi chinzonono, amatsuka ndi kusamalira mabala, ndiponso amaona ngati mwana akufunika katemera wa kafumbata kapena wa matenda a chiwindi. Kwa mtsikana amene wayamba kutha msinkhu alipo mankhwala oletsa mimba apangozi, amene amathandiza akamwedwa pasanathe masiku asanu.

Ngati masiku atatu apita kale, kapena zinachitika miyezi yapitayo, pitanibe. Matenda ena amachizika nthawi iliyonse, mwana afunika uphungu, ndipo mlandu ukhoza kutsegulidwa.

8. Zimene achipatala amalemba, ndi chifukwa chake

Amayi ambiri amaopa kuti mwana akapwetekedwa poyezedwa, kapena kuti nkhani ikamveka chilumba chonse. Dziwani izi. Dokotala kapena namwino ayenera kuyamba wafotokoza chimene akufuna kuchita ndi kupempha chilolezo chanu. Mwana amaonedwa m'chipinda chapadera, ndipo inu kapena munthu wina amene mwanayo amamkhulupirira akhoza kukhalapo. Mwana sayenera kukakamizidwa. Achipatala ali ndi udindo wosunga chinsinsi, ndipo nkhaniyo amaipereka kwa okhawo amene lamulo likuti aidziwe.

Dokotala amalemba zinthu izi: tsiku ndi nthawi imene mwana wafika, tsiku, nthawi ndi malo a chochitikacho monga zanenedwa, mau a mwanayo monga momwe wawanenera, osasintha, mabala onse, malo ake ndi kukula kwake, zotsatira za zoyeza, mankhwala operekedwa, ndi tsiku lobweranso. Dokotala salemba kuti auje ndi wolakwa. Iye amalemba zimene wamva ndi zimene waona. Kugamula ndi ntchito ya khothi.

Zolembedwazi zili ndi ntchito ziwiri. Zimathandiza kuti aliyense wodzaona mwanayo pambuyo pake adziwe chithandizo chimene analandira, osayambanso kumfunsa zowawa. Ndiponso lipoti la dokotala ndi umboni ku khothi. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi sangathe kulongosola bwino pamaso pa majisitireti patapita miyezi, koma pepala lolembedwa tsiku lomwelo siliiwala. Chifukwa chake tengani kabuku ka kuchipatala ka mwana, nenani zoona zokhazokha, osaonjezera kapena kubisa, ndipo sungani mapepala onse pamalo ouma. Musapereke mapepalawa kwa abale a woganiziridwayo.

M'zipatala zina zikuluzikulu za m'dziko muno, monga cha Queen Elizabeth ku Blantyre, muli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi aphungu amathandizira mwana pamalo amodzi. Kumene kulibe malo otere, anthu omwewa amagwirabe ntchito motumizirana.

Musaiwale masiku obwereranso. Mwana ayenera kuyezedwanso magazi pa masiku amene adokotala akuuzani, pakuti kachirombo sikaoneka msanga. Bala la mumtima nalonso limafuna nthawi. Mloleni mwana azisewera ndi anzake, apite ku sukulu ya mkombaphala monga kale, ndipo musamamtchulire nkhaniyi pagulu. Ana ambiri amene amayi ao anawakhulupirira ndi kuwateteza amachira ndi kukula bwino. Inunso mayi mukasweka mtima, pemphani uphungu.

9. Kodi lamulo likuti chiyani?

Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko la Malawi amati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Kugona ndi mwana ndi mlandu waukulu, ndipo chilango chake chikhoza kufika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Kugwiragwira mwana malo obisika ndi mlandunso.

Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana, limene linakhazikitsidwa mu 2010, limapereka udindo kwa abale, achipatala, olera ana ndi anthu a m'mudzi kuti akaneneze akadziwa kuti mwana akuchitidwa nkhanza. Motero kubisa si chifundo, ndipo kuneneza si miseche.

Mlandu wotere si wothera pabwalo la amfumu, m'banja kapena ku tchalitchi. Musalandire mbuzi, nkhuku, ndalama kapena dengu la usipa kuti nkhani ithe. Munthu amene walipira mbuzi nabwerera kwao amakhala waphunzira kuti mwana ali ndi mtengo wake, ndipo mawa akhoza kuchitanso kwa mwana wa mnzanu. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo ali ndi ntchito yaikulu yolimbikitsa banja ndi kuliperekeza ku polisi, koma kuweruza ndi kwa khothi.

Komanso musabwezere nokha. Kumenya kapena kuotchera nyumba munthu woganiziridwa ndi mlandu, kumasokoneza umboni, ndiponso kumaonjezera mantha a mwana, amene amayamba kuganiza kuti mau ake ndiwo abweretsa chipwirikiti.

10. Kodi munthu wa chilakolako chotere angathandizidwe?

Mwina mudzamva kwa mbale wanu, kapena mnyamata wa m'banja mwanu, kuti akusautsidwa ndi maganizo otere ngakhale sanakhudzepo mwana. Musamseke, ndipo musabise. Mlimbikitseni apite ku chipatala msanga, kumene angamtumize kwa odziwa za maganizo. M'chigawo cha kumpoto kuli chipatala cha St John of God ku Mzuzu, ndipo chipatala chachikulu cha Boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba.

Mpaka lero palibe mankhwala odziwika amene amachotseratu chilakolako chimenechi. Cholinga cha chithandizo ndi chakuti munthuyo adzigwire, ndipo asakhudze mwana ngakhale mmodzi. Njira zake ndi izi:

(a) Uphungu wa nthawi yaitali. Munthu amaphunzira kuzindikira nthawi ndi malo amene maganizowo amabwera, kusiya kudzinamiza kuti mwana akufuna kapena kuti sizipweteka, ndiponso kupewa mayesero asanafike.

(b) Malamulo okhwima a moyo wa tsiku ndi tsiku. Asakhale yekha ndi mwana, asagone chipinda chimodzi ndi ana, asagwire ntchito yosamalira ana, ndipo asiye mowa ndi chamba, pakuti zimenezi zimafooketsa kudzigwira.

(c) Mankhwala. Kwa ena dokotala amapereka mankhwala ochepetsa maganizo okakamira ndi kukhumudwa. Kwa amene ali pa chiopsezo chachikulu alipo mankhwala ochepetsa mphamvu ya chilakolako m'thupi. Mankhwala otere amaperekedwa ndi dokotala wodziwa yekha, amafuna kuyang'anira, ndipo mphamvu yake imatha munthu akasiya kuwalandira.

Dokotala amalemba mbiri ya munthuyo, zimene wapeza, chithandizo chimene wapereka ndi mmene akuyendera, ndipo amasunga chinsinsi. Koma chinsinsicho chili ndi malire. Akadziwa kuti mwana wina wachitidwa zoipa kapena ali pangozi, ayenera kudziwitsa oteteza ana.

Musakhulupirire kuti kumpezera mkazi munthu wotere ndiye kuti vuto latha. Musakhulupirirenso kuti popeza walapa, kapena watuluka m'ndende, ndiye kuti mukhoza kumsiyira ana. Kukhululuka ndi nkhani ya mtima wanu, koma kumsiyira mwana ndi kuika mwanayo pangozi.

11. Kuteteza ana pakhomo

Kupewa kumaposa kuchiza. Yambani mwana akangodziwa kulankhula.

1. Mphunzitseni maina a ziwalo zake, kuphatikizapo zobisika, kuti adzathe kunena pamene pakupweteka.

2. Muuzeni kuti malo obisika ndi ake, ndipo palibe wololedwa kuwagwira kupatula amayi pomsambitsa, kapena adokotala amayi alipo.

3. Mphunzitseni zinthu zitatu: kukana, kuthawa, kunena. Ana athu timawaphunzitsa kumvera akulu, ndipo ndi bwino. Koma adziwenso kuti pa nkhani iyi yokha akhoza kukanira wamkulu aliyense.

4. Muuzeni kuti palibe chinsinsi chobisira amayi, ndipo kuti simudzammenya akakuuzani.

5. Dziwani kumene mwana ali. Popita kukayanika usipa, kukachapa ku nyanja, kukazula chinangwa, ku msika ku Mbamba, ku maliro kapena ku kwaya, msiyeni pamene pali maso ambiri, osati kwa munthu mmodzi m'nyumba yotseka.

6. Masiku amene sitima yafika, ndi masiku a magule monga malipenga ndi chioda, anthu amachuluka ndipo ana amabalalika. Musatume mwana wamng'ono yekha ku doko, ku malo a mowa kapena ku nyumba za kanema, makamaka kukada.

7. Konzani kagonedwe. Alendo ndi anyamata akuluakulu asagone pamphasa imodzi ndi ana aang'ono.

8. Yang'anirani mwapadera ana amasiye ndi ana olumala, makamaka osamva ndi osalankhula, pakuti oipa amadziwa kuti ana otere savuta kuwatseka pakamwa.

9. Kambiranani ndi abambo a kunyumba za phunziro lino. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana

1. Kodi wogwirira ana kawirikawiri amakhala mlendo kapena wodziwika?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za pa thupi ndi zitatu za m'makhalidwe.
3. Chifukwa chiyani tiyenera kufika ku chipatala pasanathe maola 72?
4. Kodi zolemba za dokotala zimathandiza bwanji mwana amene sangathe kudzilankhulira?
5. Ngati wolakwa ndi wachibale amene amatithandiza, tingachite chiyani, ndipo ndani angatiperekeze?

Kumbukirani

Mwana salakwa pa nkhani imeneyi.
Mkhulupirireni, ndipo musamkalipire.
Chipatala choyamba, tsiku lomwelo.
Sungani zovala ndi mapepala.
Mlandu wa mwana suthera m'mudzi.
Ngati muli ndi funso limene simungalifunse pagulu, tsalirani sikelo ikatha, mulankhule ndi anamwino kapena alangizi a zaumoyo pa nokha.